Khomo lopapatiza la Fomu 1 ndi mikangano ya sukulu za ana athu

Tsiku limene bungwe la MANEB latulutsa zotsatira za mayeso a Sitandade 8, mawu awiri amamveka m'makomo a ku Tsangano, ku Kasinje, ku Manjawira ndi paboma pa Ntcheu: kukhoza ndi kusankhidwa. Mlendo angayese kuti mawuwa akunena chinthu chimodzi, koma kholo lililonse la kuno limadziwa kuti pakati pawo pali chigwembe chachikulu. Zaka zapitazi ana oposa 80 mwa 100 alionse olemba mayesowa akhala akukhoza, pomwe opeza malo a Fomu 1 m'sukulu za boma sakwana ndi theka lomwe la okhozawo. Mwa osankhidwawo, ndi ochepa kwambiri amene amanyamula sutikesi kupita ku sukulu zogonera konko monga Dedza Government, Lilongwe Girls kapena Mlanda Girls. Unyinji umapita ku ma CDSS, sukulu zoyendera za m'madera. Otsalawo amakhala pakhomo, ndipo makolo amayamba kufunsana ngati mwanayo abwereze, alowe sukulu yolipira, kapena angoyamba kuthandiza kudimba.

Ndayambira pamenepa chifukwa ndikukhulupirira kuti mikangano yambiri ya zamaphunziro m'dziko muno, kaya ndi ya chiyankhulo chophunzitsira, ya Baibulo m'kalasi, ya mayeso a JCE kapena ya kota, imakolezedwa ndi kuchepa kwa malo. Pamene khomo lili lopapatiza, chilichonse chimene mwana akuphunzira chimayesedwa ndi funso limodzi lokha: kodi chimuthandiza kudutsa pakhomopo?

Ku Ntcheu nkhaniyi ndi yakale ngati sukulu zenizenizo. Ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901. A Dutch Reformed anakhazikika ku Mlanda, a Baptist Industrial Mission ku Gowa, ndipo a Zambezi Industrial Mission anatsegula ntchito yawo ku Ntonda, ku Chiole ndi ku Dombole. Mishoni iliyonse inali ndi katekisimu wake ndi maganizo ake pa zimene mwana wa Mngoni ayenera kudziwa. Boma la atsamunda linadzakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, patapita zaka ziwiri akatswiri a Phelps-Stokes atayendera dziko lino n'kulangiza kuti maphunziro azigwirizana ndi moyo wakumudzi, monga ulimi, ukhondo ndi ntchito zamanja. Anthu ophunzira a nthawi imeneyo, m'mabungwe awo aja a Native Associations, ankapempha Chingerezi chochuluka ndi sukulu za sekondale, pakuti ankaona ndi maso awo kuti wodziwa Chingerezi ndiye ankalembedwa ukalaliki n'kumalandira malipiro pakutha pa mwezi. Sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940, ndipo ya ku Dedza mu 1951. Kuyambira masiku amenewo, akuluakulu akhala akukamba za maphunziro othandiza kumudzi, makolo akufuna maphunziro otulutsa mwana m'mudzimo. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo mpaka lero sizinakhalirane pansi mokwanira.

Mkangano umene ukundikhudza kwambiri ndi wa chiyankhulo. Mu 1968 chipani cha MCP chinagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo ziyankhulo za dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Dongosolo linakhala lakuti mwana aziphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, kenako m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5. Mu 1996 boma la Bakili Muluzi linalamula kuti m'makalasi anayi oyambirirawo ana aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, kaya ndi Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena, koma mabuku ake sanasindikizidwe mokwanira ndipo lamulolo linathera papepala. Kenaka lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu Malichi 2014 nduna Lucius Kanyumba inalengeza kuti ana ayamba kuphunzira m'Chingerezi kuchokera Sitandade 1.

Makolo ambiri anaomba m'manja, ndipo sindiwadzudzula. Mayi wogulitsa kabichi ndi tomato pamsika wa Lizulu amaona mwana wa mnansi wake amene ali pa sukulu yolipira akulankhula Chingerezi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amadziwanso kuti pa mayeso a Sitandade 8 mapepala onse, kupatula la Chichewa, amafunsidwa m'Chingerezi, ndi kuti amene walephera Chingerezi pa MSCE sapatsidwa satifiketi ngakhale atakhoza bwino Masamu ndi Sayansi. Mayi ameneyu akawerengera zonsezi, n'zomveka kuti afune Chingerezi msangamsanga.

Vuto lili m'kalasimo. Mphunzitsi mmodzi amayima pamaso pa ana amene nthawi zina amaposa 100, ambiri atakhala pansi, buku limodzi akugawana anayi kapena asanu. Anawo sanamvepo Chingerezi kunyumba. Akawauza kuti abwereze chiganizo amabwereza mokweza ndi mogwirizana, mpaka wodutsa panja n'kuganiza kuti maphunziro akuyenda, koma mukamutengera mwana mmodzi pambali n'kumufunsa tanthauzo, amangoyang'ana pansi. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri akumudzi amafotokozabe m'Chichewa, kaya lamulo likunena chiyani. Kuwerenga ndi luso limene munthu amaliphunzira kamodzi, ndipo amaligwira msanga m'chiyankhulo chimene amachimva kale. Mwana amene wadziwa kulumikiza zilembo n'kupeza mawu odziwika kwa iye monga "mbuzi" kapena "nsima" amatenga luso lomwelo popita ku Chingerezi. Amene wayamba ndi mawu osawamva amasenza akatundu awiri nthawi imodzi, ndipo kawirikawiri amagwetsa onse. Kafukufuku wa SACMEQ, woyesa ana a Sitandade 6 m'mayiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa, anapeza mu 2007 kuti ana a ku Malawi anali kumapeto kwenikweni pa kuwerenga. Ndondomeko ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, inabwera kudzalimbana ndi vuto lomweli m'makalasi oyambirira, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe.

Anansi athu akulimbana ndi funso lomweli. Pa Lizulu, msewu wa M1 ndiwo malire, ndipo mwana wa tsidya linalo ku Angonia amalankhula monga ana athu koma mayeso ake ndi a Chipwitikizi. Dziko la Mozambique linayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja m'chigawo cha Tete pakati pa 1993 ndi 1997, ndipo zotsatira zake zinalimbikitsa boma kuyamba maphunziro a ziyankhulo ziwiri m'sukulu zina kuchokera mu 2003. Zambia inalamula mu 2014 kuti makalasi anayi oyambirira aziphunzitsidwa m'ziyankhulo za m'deralo, Chinyanja ku Lusaka ndi ku Chipata, koma patangotha zaka pafupifupi khumi ndondomeko yatsopano inabwezeretsa Chingerezi. Ife a ku Ntcheu tili ndi chifukwa china choganizira nkhaniyi mofatsa. Chingoni cha makolo athu chinazilala m'mibadwo yochepa chabe, moti lero timachimva makamaka m'nyimbo za ngoma ndi pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo. Tikudziwa kuti chiyankhulo chimatha kuchoka pakamwa pa mtundu wa anthu iwo akuona.

Maganizo anga ndi akuti mwana ayambe kuwerenga ndi kuwerengera m'chiyankhulo chimene amachimva, Chingerezi chiphunzitsidwe mwamphamvu ngati phunziro kuyambira tsiku loyamba, ndipo kusintha kwa pa Sitandade 5 kuchitike pang'onopang'ono. Panopa, ngakhale lamulo la 2013 lija lilipo, mwana wakumudzi amagona ali wophunzira m'Chichewa n'kudzuka ali wophunzira Sayansi m'Chingerezi, ndipo ambiri amatayikira pomwepo.

Pa nkhani ya chipembedzo, mkangano waukulu unabuka mu 2000, boma litafuna kuchotsa phunziro la Bible Knowledge ku sekondale n'kuikapo Religious and Moral Education, lophunzitsa Chikhristu, Chisilamu ndi zipembedzo za makolo. Mipingo, imene ndi eni ake a sukulu zambiri ngakhale aphunzitsi amalipidwa ndi boma, inakana kwamtuwagalu, ndipo ena ankaloza chala pulezidenti Muluzi chifukwa ndi Msilamu. Boma linabwerera m'mbuyo, ndipo pamapeto pake maphunziro awiriwo analoledwa kuti sukulu zizisankha. Funso la mwini sukulu linabukanso mu 2019 kwa anansi athu a ku Balaka, pamene anthu anamenyana pa sukulu ya M'manga chifukwa cha atsikana ovala hijabu. Bungwe la Public Affairs Committee linayanjanitsa mbali ziwirizi, ndipo mu 2021 atsogoleri a zipembedzo anasayinirana pangano. Mu 2023 khoti lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana achirasta asaletsedwe sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Milandu yonseyi inatha poyankhulana kapena kukhoti, koma ana anali atataya kale masiku ambiri a sukulu.

Phunziro la Life Skills ndilo limautsa mapiri pachigwa m'misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi. Linabwera chifukwa cha Edzi, ndipo limakamba za kutha msinkhu, matenda opatsirana pogonana ndi mimba zosayembekezera. Makolo ena amati nkhani zotere n'za alangizi a kumpingo ndi anamkungwi, pa nthawi yake, anyamata paokha atsikana paokha, osati pakamwa pa mphunzitsi wamwamuna m'kalasi momwe mwina muli mwana wa mlongo wake. Dandaulo limeneli ndi lenileni, ndipo aphunzitsi ambiri nawonso amachita manyazi n'kudumpha mitu ina. Koma atsikana amene amasiyira sukulu m'Sitandade 6 kapena 7 ali ndi pakati nawonso ndi enieni, ndipo miyezi imene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19 kuyambira Malichi 2020 inationetsa poyera kukula kwa vutoli. Boma lathu la Ntcheu lomwe lino lili ndi chitsanzo chabwino. Mfumu yaikulu Kwataine inatchuka dziko lonse pa nkhani ya uchembere wabwino chifukwa inatenga nkhani imene amuna ankaiona ngati yachinsinsi cha amayi n'kuibweretsa pabwalo, mafumu ndi amayi akuluakulu a m'midzi akutengapo mbali. Chimene chimasowa pa Life Skills ndi chomwecho. Buku limachokera ku Domasi, ku Malawi Institute of Education, n'kufika m'manja mwa mwana kholo lisanalione, ndipo kholo limadzamva za m'katimo kudzera m'mphekesera.

Tsopano tibwere ku andale, amene dzanja lawo limaoneka kwambiri pa mayeso. Mu 1994 Muluzi anathetsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ndipo ana ambiri a m'midzi ya kwa Ganya, kwa Njolomole ndi kwa Phambala analowa m'kalasi chifukwa cha chimenechi. Koma makalasi, mabuku ndi aphunzitsi ophunzitsidwa bwino sanachuluke mofanana ndi anawo, ndipo sekondale inatsalira kutali. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linasandutsa malo a maphunziro a patali a MCDE kukhala ma CDSS, ambiri opanda labotale, opanda laibulale, aphunzitsi ake ena otengedwa ku pulayimale. Mwana wa pa CDSS yotere amalemba pepala lomwelo la Chemistry ndi mwana wa pa sukulu ya mishoni yokhala ndi zipangizo zonse, ndipo mapointi awo amaikidwa pa sikelo imodzi posankha opita ku yunivesite.

Mayeso a JCE a Fomu 2 anathetsedwa ndi boma la Peter Mutharika, limene linalengeza mu 2015 kuti satifiketiyo sikupezetsanso ntchito ndipo ikungodya ndalama. Omaliza analemba mu 2016. Aphunzitsi ndi makolo ambiri anadandaula kuti ana atayirira, popeza akudziwa kuti afika Fomu 4 popanda chowatchinga. Mu Febuluwale 2020, dziko likuyembekezera chisankho chobwereza cha pulezidenti, boma lomwelo kudzera mwa nduna William Susuwele Banda linalengeza kuti JCE ibwerera, ndipo inalembedwanso mu 2021. Pa chilengezo chomwecho boma linathetsa kota, njira yogawa malo potengera boma limene mwana akuchokera. Kota inayamba mu 1987 nthawi ya Kamuzu Banda, khoti linaikana mu 1993, ndipo Bingu wa Mutharika anaibwezeretsa mu 2009 ponena kuti maboma onse apindule mofanana. Sinodi ya Livingstonia ndi anthu ambiri akumpoto anaitsutsa kuti ikulanga ana okhoza bwino chifukwa cha kwawo. Ena a m'chigawo chapakati ndi kummwera ankaiona ngati chishango cha maboma otsalira.

Munthu akhoza kukhala mbali iliyonse pa JCE kapena pa kota ndipo n'kukhala ndi zifukwa zomveka. Chimene chimandipweteka ndi kachitidwe kake. Mwana amene analowa Fomu 1 mu 2016 ndi mng'ono wake amene analowa mu 2020 anayenda m'malamulo osiyana, osati chifukwa choti wina anafufuza n'kuonetsa poyera kuti njira iyi yapambana inzake, koma chifukwa mphepo ya ndale inatembenuka. Ndipo kota ndi mkangano wa anthu olimbirana chakudya chochepa m'mbale imodzi. Malo akanakhala okwanira, sibwenzi wina akufunsa kuti mwanayu kwawo n'kuti.

Kumene kuli khomo lopapatiza kumakhalanso olowera pawindo. Mu Novembala 2020 nduna Agnes NyaLonje inalengeza kuti mayeso a MSCE athetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala anali atabedwa n'kumazungulira pa WhatsApp. Ana analembanso mu Januwale 2021, ndipo amene anakhoza anali pafupifupi 41 mwa 100 alionse. Ana osalakwa, amene makolo awo anagulitsa mbatatesi ndi mbuzi kuti awalipirire, analangidwa limodzi ndi akuba. Timakonda kuloza chala MANEB, ndipo bungweli, limene linakhazikitsidwa mu 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba, liyeneradi kuyankha pa chitetezo cha mapepala ake. Koma likasa lili ndi ogula, ndipo ena mwa ogulawo ndi makolo. Chimodzimodzinso chizolowezi chakale chobwereza Sitandade 8 kawiri kapena katatu, mwina posintha dzina kapena sukulu, kuti mwana asankhidwire ku sukulu yogonera konko. Kholo lochita zimenezi limakhala likufunira mwana wake zabwino, koma malo amene watenga wobwerezayo ndi a mwana wina amene analemba kamodzi mwachilungamo.

Chodabwitsa n'chakuti pa pepala maphunziro athu a pulayimale sanamangidwe pa mayeso amodzi. Silabasi ya PCAR, imene inayamba kulowa m'makalasi mu 2007, imanena kuti mwana aziyesedwa mosalekeza chaka chonse, mphunzitsi akulemba zimene mwana aliyense watha kuchita ndi zimene zikumuvuta. Mphunzitsi wa ana 100 sangathe kuchita zimenezi mokhulupirika, ndipo ngakhale atayesetsa, posankha a Fomu 1 amayang'ana zimene mwana walemba m'masiku atatu a mayeso a MANEB. Choncho chimene chimalamulira m'kalasi ndi pepala la mayeso. Ana a Sitandade 8 amafika m'mamawa, amatsalira masana, amabwera patchuthi, makolo akusonkha ndalama za patitaimu ndi za mayeso a moko. Amaloweza mapepala a zaka zam'mbuyo. Ulimi, umene ndi moyo wa boma lino, umasanduka mafunso osankha yankho pakati pa A, B, C ndi D, moti mwana wa ku Tsangano amene amadziwa kusankha mbewu ya mbatatesi ndi kuzindikira chiwawu m'munda sapeza malikisi pa luso lakelo. Zoimba, zojambula ndi ntchito zamanja zimaphunzitsidwa pa bolodi. Ahedi nawo amayesedwa ndi chiwerengero cha ana amene asankhidwa, ndipo pamakhala chiyeso choika aphunzitsi aluso ku Sitandade 8 n'kusiya Sitandade 1 ndi 2, kumene kuli maziko, m'manja mwa aliyense amene wapezeka.

M'mayiko olemera makolo amatha kukana mayeso. Ku New York mu 2015, pafupifupi mwana mmodzi mwa asanu alionse sanalembe mayeso a boma chifukwa makolo anawaletsa, ponena kuti sukulu zasanduka malo okonzekera mayeso basi. Iwo angathe kutero chifukwa mwana wawo ali ndi malo ku sekondale kaya walemba kaya sanalembe. Kenya inalembetsa mayeso ake akale a kumapeto kwa pulayimale, a KCPE, komaliza mu 2023, itasintha dongosolo lonse. Kholo la ku Bilira kapena ku Senzani lilibe mwayi wokana, pakuti kukana mayeso n'kutsekera mwana khomo lokhalo limene lilipo. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati tingothetsa mayeso a Sitandade 8. Pamene malo ali ochepa, mayeso olembedwa mofanana dziko lonse, ngakhale ali ndi zofooka zake, amateteza mwana wa mlimi kuposa kusankha kodalira malikisi a mphunzitsi kapena kudziwana ndi akuluakulu. Mayesowa adzasiya kuopsa tsiku limene mwana aliyense wokhoza adzakhale ndi desiki ku Fomu 1, ndiponso pamene CDSS ya kumudzi idzakhale ndi labotale, mabuku ndi aphunzitsi oyenera, kuti kusankhidwira kumeneko kusamamveke ngati kulephera.

Pempho langa kwa unduna wa zamaphunziro ndi aphungu a boma la Ntcheu ndi lakuti kusintha kulikonse kwa silabasi kapena mayeso kuzifika kaye ku ma zoni, m'Chichewa, makolo ndi aphunzitsi n'kunenapo maganizo awo chisanalengezedwe pa msonkhano wa ndale, ndiponso kuti ndalama zipite kumene kuli vuto, ku makalasi a Sitandade 1 mpaka 4 ndi ku ma CDSS. Kwa inu makolo anzanga, komiti ya sukulu, PTA ndi mother group ndi zanu. Ahedi akaitana msonkhano teremu ino, pitani, ndipo musakafunse za ana a Sitandade 8 okha. Kapempheni kuona buku la Life Skills ndi maso anu, kafunseni kuti Sitandade 2 ili ndi ana angati ndi aphunzitsi angati, ndipo madzulo ano mupatseni mwana wanu wamng'ono buku lake la Chichewa akuwerengereni tsamba limodzi mokweza.